Mbiri ya Phunziro la Pamtherankhani m'Sukulu za ku Angónia

Msewu waukulu wochokera ku Dedza kupita ku Ntcheu umayenda m'malire enieni a mayiko awiri kwa mtunda wautali ndithu, moti pa Lizulu munthu akangowoloka phula ndiye kuti wachoka ku Malawi, walowa m'Mozambique. Malirewa anadulidwa ndi pangano la Angerezi ndi Apwitikizi la pa 11 June 1891, ndipo anagawa pakati anthu a mfunda umodzi, ngoma imodzi ndi chiyankhulo chimodzi. Chiyambire pamenepo ana a mbali ziwirizi akhala akulowa m'makalasi osiyana. Wa ku Ntcheu amakumana ndi Chingerezi akangochoka pa Chichewa, pamene wa kumapiri a Angónia amayamba wadutsa m'Chipwitikizi, ndipo Chingerezi amachipeza mochedwa, chikufotokozedwa m'mawu a Chipwitikizi. Kusiyanaku kumaonekera bwino pa kaphunziro kamodzi ka galamala, kaja ka pamtherankhani wachindunji ndi pamtherankhani wopanda chindunji, amene m'Chingerezi amati direct object ndi indirect object. Mfundo yanga ndi yakuti kaphunziroka kakhala kakuvuta ku Angónia chifukwa cha njira imene kanadzera pofika kumeneko. Pa nkhani ya pamtherankhani, Chichewa ndi Chingerezi n'zoyandikana kuposa mmene chilichonse mwa ziwirizi chayandikirana ndi Chipwitikizi, koma kwa zaka zoposa 100 sukulu yakhala ikumulambalalitsa mwana, kumuchotsa pa chimene akudziwa kale.

Tiyambe taona chimene phunzirolo limanena. M'chiganizo chakuti The teacher gave the child a book muli mayina awiri pambuyo pa mneni. Buku ndi chimene chachoka m'manja mwa mphunzitsi, ndipo galamala ya kusukulu imalitcha pamtherankhani wachindunji. Mwana ndiye wolandira, ndipo amatchedwa wopanda chindunji. Chingerezi chimalolanso kunena kuti The teacher gave a book to the child, pomwe wolandira wapita kumapeto atatsogozedwa ndi mperekezi. Chimalolanso wolandirayo kukwera n'kukhala mwininkhani, monga mu The child was given a book. Woyang'anitsitsa chiganizo choyamba chija adzaona chinthu chosokoneza: dzina limene akuti n'lopanda chindunji ndi lomwe lagundana ndi mneni popanda kanthu pakati, pamene lija akuti lachindunji laima patali. Mwana akafunsa chifukwa chake, mphunzitsi amasowa chonena, pakuti yankho lake silipezeka m'Chingerezi cha lero.

Gwero lake ndi Chilatini. Chiyankhulo chimenecho chinkasonyeza ntchito ya dzina posintha mathero ake: choperekedwa chinali ndi mathero akeake, wolandiranso akeake, ndipo malo a dzina m'chiganizo analibe mphamvu kwenikweni. Kwa zaka mazanamazana sukulu za ku Ulaya zinkaphunzitsa galamala ya Chilatini, kotero pamene anthu anayamba kulemba galamala za ziyankhulo zawo, monga Fernão de Oliveira mu 1536 ndi João de Barros mu 1540 kwa Apwitikizi, kapena Robert Lowth mu 1762 ndi Lindley Murray mu 1795 kwa Angerezi, Chilatini ndicho chinali m'mitu mwawo. Chifalansa ndi Chipwitikizi, zomwe zinabadwa ku Chilatini, zinataya mathero aja n'kuika mperekezi m'malo mwake, ndipo kwa izo mayina awiriwa ndi oyenerera: pamtherankhani wina amagwirana ndi mneni mwachindunji, winayo amadzera pa mperekezi. Chingerezi chinatenga njira ina. Anormani asanalande England mu 1066, nacho chinali ndi mathero osiyanitsa wolandira ndi cholandiridwa, koma m'zaka mazana atatu zotsatira matherowo anafufutika, ndipo malo a dzina ndiwo anatsala kuti azisonyeza ntchito yake. Mlowam'malo wakuti him poyamba anali wa wolandira; wa munthu wochitidwa kanthu anali hine, yemwe anamezedwa ndi mnzakeyo n'kuzimiririka. Cynthia Allen, m'buku lake la 1995, anaonetsa kuti ziganizo zokweza wolandira kukhala mwininkhani zinayamba kuoneka m'zolembedwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1300. Chiyankhulo chinasintha, koma mabuku a sukulu anasunga mayina obwereka, ndipo ndi mabuku omwewo amene anakwera sitima kubwera ku Africa.

Chipwitikizi cha ku Ulaya chinasunga mpanda wolimba pakati pa apamtherankhani awiriwa. Chimati O professor deu um livro ao menino, ndipo mperekeziyo sachotsedwa. Alowam'malo akenso ndi osiyana: o ndi a amaimira wochitidwa, lhe amaimira wolandira. Pokweza dzina kukhala mwininkhani, choperekedwa chokha ndicho chimaloledwa, ndiye kuti buku likhoza kutsogolera chiganizo koma mwana sangatero.

Tsopano timvetsere Chichewa chimene chimayankhulidwa ku Ulongwe, ku Domwe ndi ku Tsangano. Timati, “Mphunzitsi anapatsa mwana buku.” Wolandira wagundana ndi mneni, palibe mperekezi, ndendende ngati m'Chingerezi. Tikafuna kuti wolandira apite kumapeto timasintha mneni n'kubweretsa mperekezi: “Mphunzitsi anapereka buku kwa mwana.” Tikafuna kukweza wolandira timati, “Mwana anapatsidwa buku,” ndipo palibe gogo aliyense amene angaone chachilendo pamenepo. Njira zitatu za Chingerezi zija zonse zilimo, chimodzichimodzi. Komanso Chichewa chili ndi umboni wina umene Chingerezi chilibe, womwe ndi kaphatikizo kolowa m'kati mwa mneni. Timati “anamupatsa buku,” ndipo ka -mu- kakuimira mwana. Wina akati “analipatsa mwana,” khutu limamva ngati buku ndilo lalandira mwana. Zimateronso ndi aneni amene tawawonjezera -ir- kapena -er-. “Mayi anaphikira alendo nsima” amasanduka “anawaphikira nsima” ndi “alendo anaphikiridwa nsima,” koma “nsima inaphikiridwa alendo” ambiri khutu lawo limakana. Ndiye kuti m'Chichewa mwayi wonse umene pamtherankhani angakhale nawo, malo oyandikana ndi mneni, kaphatikizo ka m'kati, ndi kukwera kukhala mwininkhani, umapita kwa wolandira, uja mabuku amati n'ngopanda chindunji. Iyeyo ndiye pamtherankhani wamkulu, ndipo choperekedwa chimabwera pambuyo pake. Sindikunena kuti izi zikusonyeza kuti Achewa amalemekeza munthu kuposa Apwitikizi. Galamala si umboni wa mtima wa anthu. Ndikungonena kuti mwana wa zaka zisanu wa ku Angónia amagwiritsa kale ntchito, mosaphonya, dongosolo limene adzafunsidwe pa mayeso a Chingerezi atakula.

Wina akhoza kudabwa kuti bwanji tikukamba za Chichewa m'dziko lotchedwa ndi dzina la Angoni. Angoni a kwa Maseko anakhazikika mozungulira phiri la Domwe m'zaka za m'ma 1800, nalamulira derali pansi pa Chidyaonga, kenako Chikuse, kenako mwana wake Gomani, amene Angerezi anamupha mu 1896. Koma ogonjetsawo anali ochepa pakati pa ogonjetsedwa, anakwatira akazi a m'dzikomo, ndipo ana anayamwa chiyankhulo cha amayi awo. Chingoni chinatsalira m'nyimbo za ngoma, m'mifunda ndi m'mawu a pabwalo la mfumu. Pamene azungu a mishoni anafika, Chinyanja, chomwe ndi Chichewa chomwechi, ndicho anachipeza pakamwa pa anthu, ndipo anayamba msanga kuchilemba. Alexander Riddel anatulutsa galamala yake mu 1880; George Henry, dokotala wa mishoni ya Livingstonia amene ankakhala m'chigwa cha Livulezi, m'dziko la Chikuse momwemo, anatulutsa yake ku Aberdeen mu 1891; David Clement Scott anatulutsa mtanthauziramawu wake wa Chimang'anja mu 1892; Alexander Hetherwick anatulutsa buku lake lophunzirira Chinyanja mu 1901. Kumunsi ku Tete, Mjezuiti Victor Courtois anali atalemba galamala ya Chinyungwe. Anthuwa anagwira ntchito yotamandika, ndipo n'zoona kuti nthawi zina mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa. Koma mabuku awo anali a mzungu wofuna kulalikira, olembedwa m'chiyankhulo chake, ndipo ankayeza Chinyanja ndi ndowa imene inasulidwira kuyeza Chilatini.

Sukulu zenizeni zinalowa m'mapiri a Angónia ndi mamishoni awiri. Ajezuiti anatsegula Lifidzi chaka cha 1910 chisanafike, ndipo a Dutch Reformed, ochokera mbali ya Mvera ndi Nkhoma, anatsegula Mphatso mu 1909. Zonse ziwiri zinasokonezedwa ndi ndale za ku Lisbon. Ufumu utagwa ku Portugal mu October 1910, Ajezuiti anathamangitsidwa. Ansembe a ku Germany amene anawalowa m'malo anachotsedwanso pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ndipo Ajezuiti anabwerera mu 1941, natsegula Fonte Boa mu 1945. A Dutch Reformed, amene sukulu zawo za m'midzi zinkaphunzitsa kuwerenga m'Chinyanja, anatsekeredwa mishoni zawo ndi boma la Apwitikizi mu 1922, chaka chomwecho chimene Buku Lopatulika lathunthu linatuluka tsidya linalo. Kenako malamulo anamanga mfundo. Mu 1929 boma la ku Lourenço Marques linaletsa kuphunzitsa m'ziyankhulo za eni nthaka, mu 1930 linakhazikitsa sukulu zapadera za ana achikuda zotchedwa ensino rudimentar, ndipo pangano la Portugal ndi Vatican la 1940 pamodzi ndi lamulo la mamishoni la 1941 zinapereka sukuluzo m'manja mwa mpingo wa Katolika ndi lamulo lakuti Chipwitikizi ndicho chiphunzitsidwe ndi kuyankhulidwa m'kalasi, ziyankhulo za anthu zikhale za katekisimu. Munthu wachikuda wofuna kuwerengedwa ngati nzika, amene ankamutcha assimilado, ankayenera kusonyeza kuti amayankhula Chipwitikizi molongosoka, ndipo dongosolo limeneli linatha mu 1961. Galamala, pamenepa, inali chipata cha ufulu wa munthu.

Taganizani zimene malamulo amenewa anachita pa kaphunziro kathuka. Mwana amene m'mutu mwake muli “mwana anapatsidwa buku” akafuna kunena zomwezo m'Chipwitikizi, chimene chimatuluka ndi O menino foi dado um livro. Kwa mphunzitsi wotsata buku la ku Lisbon chimenechi n'cholakwa chachikulu, ndipo m'sukulu za nthawi imeneyo cholakwa chinkalipidwa ndi palmatória, kathabwa komenyera m'manja. Palibe amene akanamuuza mwanayo kuti chiganizo chake chili ndi lamulo lake, pakuti kuti amuuze zimenezo anayenera kulowetsa Chinyanja m'kalasi, chinthu choletsedwa. Mwanayo ankangophunzira kuti khutu lake ndi losadalirika. Zaka zambiri pambuyo pake, Perpétua Gonçalves wa pa Yunivesite ya Eduardo Mondlane anafufuza Chipwitikizi choyankhulidwa m'Mozambique, ndipo m'kafukufuku wake wa 1990 komanso m'buku lake la 2010 anaonetsa kuti kuchotsa mperekezi pa wolandira, kukweza wolandira kukhala mwininkhani, ndi kugwiritsa ntchito lhe pa munthu wochitidwa kanthu ndi zinthu zofala, zokhala ndi dongosolo, zogwirizana ndi kapangidwe ka ziyankhulo za Chibantu. Chomaliza chija n'chofunika kuchiyang'ana kawiri. Mmozambique akanena Eu lhe vi, mlowam'malo wa wolandira akumeza wa wochitidwa, ndipo zimenezi ndi zomwe him anachita kwa hine ku England zaka mazana asanu ndi awiri zapitazo. Kusintha kumene kunapanga Chingerezi cha m'mabuku ndi komwe kunkamenyetsa ana m'manja ku Mozambique.

Otsutsa adzanena kuti ndikuwalakwira Ajezuiti, pakuti iwo ndiwo anasunga Chinyanja m'mabuku ku mbali ya Mozambique. Zoonadi, mtanthauziramawu wawo wa Chinyanja ndi Chipwitikizi anasindikizidwa ku Lisbon mu 1963, ndipo galamala yawo ya Chinyanja inatsatira mu 1964, zonse pansi pa Junta de Investigações do Ultramar. Ansembe ambiri a ku Lifidzi ankalalikira ndi kumva kulapa m'Chinyanja, ndipo nyimbo ndi mapemphero a m'tchalitchi zinali m'chiyankhulo chomwecho. Zonsezi ndikuvomera, ndipo ndikuyamikira. Koma funso langa ndi lakuti bukulo linatsegulidwira ndani. Galamala yolembedwa m'Chipwitikizi, yosindikizidwa ndi bungwe la boma lofufuza za mayiko olamulidwa, inali yothandiza wansembe watsopano ndi mkulu wa boma kuti amve zonena za anthu. Njira inali yolowera mbali imodzi: mzungu ankaloledwa kuima pa Chipwitikizi chake pophunzira Chinyanja, koma mwana sankaloledwa kuima pa Chinyanja chake pophunzira Chipwitikizi. Cholakwa chachikulu chinali cha lamulo la boma, ndipo zotsatira zake zinaoneka pa ufulu mu 1975, pamene anthu oposa 90 pa 100 aliwonse m'dzikomo sankatha kuwerenga.

Boma la Frelimo linatenga sukulu za mamishoni mu July 1975, koma linasunga Chipwitikizi ngati chiyankhulo chokha cha m'kalasi, pofuna kumanga mtundu umodzi kuchokera ku Rovuma mpaka ku Maputo. Kalembera wa 1980 anapeza kuti amene anabadwa nacho Chipwitikizi anali ongopitirira pang'ono munthu mmodzi pa 100. Chingerezi nacho chinali chikulowa ku Angónia kudzera kumbuyo kwa nyumba. Kuyambira kale amuna a kumeneko ankadutsira ku Nyasaland popita ku mafamu a Southern Rhodesia ndi ku migodi ya ku Joni, ndipo malonda a m'malire sanaime. Kenako inabwera nkhondo yapachiweniweni. Pa 30 October 1985 ansembe awiri Achijezuiti, João de Deus Kamtedza, mwana wa ku Angónia komweko, ndi Sílvio Moreira, anaphedwa ku Chapotera pafupi ndi Lifidzi, ndipo kuyambira 1986 midzi yathunthu inathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu, mpaka othawa kwawo m'Malawi monse anapitirira miliyoni imodzi. Ana ena mwa iwo analowa m'sukulu za ku Malawi, komwe Chichewa chinali chitakwezedwa kukhala chiyankhulo cha fuko mu 1968 ndipo chinali ndi bungwe lake kuyambira 1972. Kumeneko anakumana ndi mawu akuti mneni, mwininkhani ndi pamtherankhani, anaona chiyankhulo chawo chikulembedwa pa bolodi n'kugawidwa zigawo. Mawu amenewa nawonso anatengera kagawidwe ka galamala ya Chingerezi, n'chifukwa chake wolandira timamutchabe wopanda chindunji ngakhale m'Chichewa. Komabe anapatsa mwana poimira. Mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 October 1992, anthu anabwerera ndi Chingerezi chimenecho m'matumba. Mozambique inalowa mu Commonwealth mu 1995, ndipo ndondomeko ya maphunziro ya 2004 inatsitsa Chingerezi kufika m'kalasi 6.

Pamene ana a ku Angónia ankakanizidwa kutchula chiyankhulo chawo m'kalasi, akatswiri a m'mayunivesite akutali ankachiphunzira kuti amvetse mmene ziyankhulo zonse zimasungira apamtherankhani. Galamala yoyamba ya Chichewa yolembedwa mwa ukatswiri wamakono inali ya Mark Hanna Watkins mu 1937, ndipo amene anamupatsa ziganizo ku Chicago anali wophunzira wina dzina lake Kamuzu Banda. Mu 1986 Matthew Dryer anaonetsa kuti ziyankhulo zambiri padziko sizigawa apamtherankhani monga Chilatini, koma zili ndi wamkulu ndi wachiwiri, wolandira ndiye amakhala wamkulu. Mu 1987 Joan Bresnan ndi Sam Mchombo, Mmalawi amene pambuyo pake anakaphunzitsa ku Berkeley, anafotokoza m'magazini ya Language kuti kaphatikizo kaja ka m'kati mwa mneni ndi mlowam'malo weniweni. Mark Baker, m'buku lake la 1988, anadalira kwambiri ziganizo za Chichewa za -ir- ndi -er-. Mu 1990 Bresnan ndi Lioba Moshi anayerekeza Chichewa ndi Chichaga cha ku Kilimanjaro, napeza kuti Chichaga chimapatsa apamtherankhani onse awiri mwayi wofanana pamene Chichewa chimasankha mmodzi. Buku la Mchombo la kapangidwe ka ziganizo za Chichewa linatuluka ku Cambridge mu 2004. Wophunzira za ziyankhulo ku Ulaya kapena ku America amakumana ndi Chichewa pamene afika pa mutu wa apamtherankhani awiri, ndipo zimandiwawa kuti mwana wa ku Domwe, mwini wake wa chiyankhulocho, amafika pa mutu womwewo m'kalasi ya Chingerezi osamva ngakhale chiganizo chimodzi cha kwawo.

Kutsutsa kwamphamvu kuposa konse n'kwakuti Chichewa nacho chimasocheretsa. Ka -ir- kathu kamamatirira pafupifupi pa mneni aliyense: anandilimira munda, anandifotokozera nkhani, anandisungira mbewu, ngakhale anandifera. Chingerezi sichotakasuka chotero. Chimalola He told me the story koma chimakana He explained me the story. Chimalola give ndi mayina awiri koma donate chimamufunira mperekezi. Ndipo pomwe ife timati “alendo anaphikiridwa nsima” mosavuta, Mngerezi amazengereza kukweza alendowo kukhala mwininkhani wa mneni wa kuphika. Choncho mwana wodalira Chichewa adzapitirira malire, adzapanga ziganizo zimene Chingerezi sichilola, ndipo aliyense amene wamvapo Chingerezi cha m'misika ya m'malire akudziwa kuti zimenezi zimachitikadi. Yankho langa lili pawiri. Choyamba, cholakwa chimenechi chimachitika ngakhale Chichewa chitaletsedwa m'kalasi, pakuti chiyankhulo cha m'mutu sichitsala pakhomo. Kusiyana kwake n'kwakuti chikaletsedwa mwana sadziwa kumene cholakwacho chikuchokera. Chachiwiri, malire a Chingerezi pa nkhaniyi ali ndi dongosolo losavuta kuphunzitsa. Aneni ambiri okana mayina awiri, monga explain, describe, donate ndi suggest, ndi amene Chingerezi chinabwereka ku Chifalansa ndi ku Chilatini, pamene ovomera, monga give, tell, send, bring ndi teach, ambiri ndi akale a Chingerezi chenicheni. Apa mwana wa ku Angónia ali ndi mwayi umene wa ku Ntcheu alibe. Mneni wa Chingerezi akamveka ngati wa Chipwitikizi, monga explain ndi explicar kapena describe ndi descrever, kawirikawiri amatsata njira ya Chipwitikizi, ya mperekezi. Akakhala wamfupi wosafanana ndi wa Chipwitikizi, kawirikawiri amatsata njira ya Chichewa. Lamuloli lili ndi aneni ena olithawa, monga offer ndi promise, koma limagwira ntchito mokwanira kuti mwana ayambirepo. Chingerezi chaima pakati pa ziyankhulo zake ziwiri, ndipo amafunika zonse ziwiri kuti achigwire.

Ena adzati zonsezi n'zabwino papepala, koma Mozambique ndi dziko la ziyankhulo zoposa makumi awiri, mphunzitsi wotumizidwa ku Angónia akhoza kukhala Mmakuwa kapena Mchangana, mabuku amalembedwa ku Maputo, ndipo mayeso ndi amodzi dziko lonse. Nkhawa imeneyi n'njomveka, ndipo Chipwitikizi chagwiradi ntchito yolumikiza anthu a ku Tete ndi a ku Inhambane. Koma dziko lomwelo layesa kale njira ina. Kuyambira 1993 mpaka 1997 bungwe la INDE linayendetsa ntchito yoyeserera ya PEBIMO, yophunzitsa ana m'Chinyanja ku Tete ndi m'Chichangana ku Gaza asanalowe m'Chipwitikizi, ndipo zotsatira zake zinalimbikitsa boma kuyamba maphunziro a ziyankhulo ziwiri mu 2003, m'ziyankhulo 16. Kalembedwe ka Chinyanja ka ku Mozambique kanagwirizanidwa pa misonkhano ya akatswiri a ziyankhulo a NELIMO kuyambira 1988. Malamulo aakulu a dziko a 2004 amati ziyankhulo za fuko ndi chuma choyenera kukwezedwa, ndipo lamulo la maphunziro la 2018 linavomereza kuphunzitsa m'ziyankhulo ziwiri ku pulayimale. Za mphunzitsi wochokera kutali, Chimakuwa ndi Chichangana nazo ndi ziyankhulo za Chibantu zokhala ndi mneni wa kupatsa wotenga mayina awiri ndi kachidutswa kochitira wina kanthu, kotero mphunzitsiyo ali nalo kale dongosololi pakamwa pake. Ndipo chimene ndikupempha sichifuna buku latsopano. Chimafuna choko, bolodi ndi ana oti anene okha mmene amanenera kwawo.

Pamene pakutsalira ndi apa: ngakhale m'sukulu za ziyankhulo ziwiri, Chinyanja chimatengedwa ngati cha makalasi oyambirira, choti mwana achisiye akangolimba m'Chipwitikizi, moti Chingerezi chikamafika chimapeza Chinyanja chitatuluka kale. Maganizo amenewa ndi otsalira a lamulo la 1941, ndipo umboni wa galamala ukuwatsutsa. Inu amene mumakonza aphunzitsi a Chingerezi ku Ulongwe ndi ku Tete, auzeni kuti pofika pa mutu wa pamtherankhani alembe ziganizo zitatu pa bolodi, cha Chinyanja pamwamba, cha Chingerezi pakati, cha Chipwitikizi pansi, ndipo anawo apeze okha pamene zikufanana ndi pamene zikusiyana. Auzeninso kuti mwana akalemba O menino foi dado um livro amukonze, chifukwa mayeso a Chipwitikizi sadzamukhululukira, koma amufotokozere kuti chiganizo chomwecho m'Chinyanja ndi m'Chingerezi n'cholondola.